Msungichuma Wopanda Kiyi

Lachitatu lililonse masana, belu lomaliza likalira ana ena n'kukhamukira kugeti ngati mbuzi zotsegulidwa m'khola, a Fomu 2 ankatsala m'kalasi. Inali nthawi ya kalabu yophunzira kusamala ndalama. Mphunzitsi wa masamu, mayi wamtali wa magalasi okhuthala, ankalowa atakumbatira bokosi lachitsulo la loko wamkulu ngati chibakera cha mwana. Ankaliika patebulo, n'kusasa choko m'manja, kenako n'kusolola kiyi yemwe ankakhala pachingwe m'khosi mwawo, m'kati mwa bulauzi. Ana anawapatsa dzina loti a Loko. Iwo ankalidziwa dzinalo, ndipo chamumtima ankalikonda.

Phunziro limeneli linali lachilendo pasukulupo. Akuluakulu a zamaphunziro anali atazindikira, mochedwa monga mwa masiku onse, kuti ana akumaliza sukulu akudziwa kutalika kwa mitsinje ya kumayiko a eni koma osadziwa komwe kwalowera chenji cha m'thumba mwawo. Kale phunziroli silinkafuna kalasi. Mwana ankatumidwa kugolosale ndalama itamangidwa pansonga ya kansalu; akaitaya panjira ankabwerera akulira, ndipo misoziyo ndiyo inali satifiketi yake. Wochoka nthawi imeneyo n'kubwera lero amapeza golosale ija inasanduka nyumba yobetcherana mpira, ndalama nayo inasiya kulira m'thumba, imangoti phethi pafoni n'kupita osatsazika. Choncho zomwe unkaphunzitsa msewu anazikankhira kwa mphunzitsi, monga mmene timakankhira kwa iye chilichonse chomwe chatikanika kunyumba.

A Loko anailandira ntchitoyo ndi manja awiri. Anadula ndalama zabodza ku zikuto za makope akale n'kuzilemba manambala ndi cholembera chofiira. Madesiki akutsogolo ankasanduka mashopu, akumbuyo banki. Ana ankagula sopo wojambula ndi shuga wojambula, n'kubwezerana chenji chojambula, ndipo wolakwitsa ankangofufuta ndi labala. Malamulo ankawaimba ngati kolasi: "Chofunika patsogolo, chokhumbira pambuyo. Usanagule, werengera. Usanatchule phindu, chotsa zotuluka." Ndalama zenizeni zinalipo, koma zinkangodutsa m'manja mwa ana popita kukamwa kwa bokosi. Aliyense ankaponya pakaboo kapamwamba zomwe wadzimana sabata imeneyo, wina ya basi atayenda wapansi, wina ya chakudya cha pabuleki. Pangano linali loti potseka sukulu kumapeto kwa chaka aliyense adzalandira zake zosaperewera ngakhale khobidi.

Kalabuyo inali ndi maudindo ake. Wapampando anali mnyamata wolongolola amene anzake ankamutcha Loya, chifukwa ngakhale atachedwa kusukulu ankatha kukusiya iwe womufunsa ukupepesa. Msungichuma anali mwana wawo weniweni wa a Loko, mtsikana wofatsa wa masamu akuthwa, amene kunyumba ankati Amayi, pageti la sukulu n'kusintha kumati Madamu. Anzake anamusankha akuseka, ati poti kiyi amagona kwanu komweko. Koma kiyiyo mtsikanayo anali asanamukhudzepo. Kunyumba nako zinali chimodzimodzi. Akapempha cholembera ankalandira cholembera, osati ndalama ya cholembera. Akatumidwa kukagula mchere ankapatsidwa ya mchere yokwanira ndendende, ndi dzina la wogulitsa woti akagulepo.

Si kuti a Loko anali ouma mtima. Ali mtsikana anaona shopu ya bambo awo ikutha ngati sopo woiwalika m'madzi, mashelefu akuyera limodzilimodzi, mpaka tsiku lomwe anthu anabwera kudzanyamula sikelo ndi kauntala yomwe. Kuyambira pamenepo analumbira kuti ndalama yodutsa m'manja mwawo sidzatayika, ndipo mwana wopumira pansi pa mapiko awo sadzamva fungo la shopu yopanda kanthu.

M'chigawo chachiwiri cha chaka, tsiku la masewero likuyandikira, Loya anaimirira m'kalabu n'kukonza kolala.

"Madamu, ndi chilolezo cha nyumba yolemekezeka ino, tili ndi pempho."

"Lankhula, nthawi si yako wekha."

"Taphunzira kuti ndalama yongogona sibereka. Ndiye timati mutipatseko pang'ono chabe, za pakona ya bokosi, tigule mafirizesi tidzagulitse tsiku la masewero. Anthu akathamanga amamva ludzu, Madamu. Ndi sayansi."

Kalasi inawomba m'manja. Mafirizesi ndi timadzi totsekemera touma ndi firiji m'timapepala tapulasitiki, ndipo mwana aliyense m'kalasimo ankadziona kale ali bwana wa kampani.

"Tsiku la masewerolo lidzakhala nyengo yanji?" anafunsa a Loko.

"Yozizira, Madamu."

"Mudzasungira muti kuti asasungunuke?"

"Mu ndowa, Madamu. Tidzavundikira ndi juzi."

"Juzi ya ndani, poti nonse mudzakhala mukunjenjemera?"

Anatembenukira kubolodi, ndipo choko chinalira. M'mizere yochepa anaonetsa kuti theka la katunduyo lidzasanduka madzi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo theka linalo lidzathera m'mimba mwa ogulitsa eni ake. Zonse zinali zoona. Anamaliza ndi kulemba mzere pansi pa yankho.

"Kalabu ino sinatayepo kanthu, ndipo siyambira pa inu. Nkhani yatha."

"Madamu," anatero Msungichuma motsitsa mawu, "ngakhale titangoyesa ndi zochepa kwambiri?"

"Iwenso? Ukuona bolodi kapena ukuona khoma?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu.

Mu ofesi ya aphunzitsi nkhaniyo inafika iwo asanafike. Mphunzitsi wa zaulimi, bambo wa imvi amene ana ankamutcha a Manyowa, anali akupukuta matope kunsapato ndi nyuzipepala yakale.

"Achemwali, ndamva kuti lero mwapha kampani isanabadwe."

"Ndapulumutsa ndalama za ana, achimwene."

"Zikanatayika zochuluka bwanji?"

"Zochepa. Koma kutaya n'kutaya."

"Ine ana anga ndimawauza kuti tomato muzimutalikitsa pobzala. Samva, mukuwadziwa. Ndiye ndimawasiyira bedi limodzi kuti athinitse mmene mtima wawo ukufunira. Akaona timitengo tonyozoloka ngati miyendo ya udzudzu, chaka chinacho ndi iwo amene amandikalipira ine ndikayandikitsa."

"Tomato amabzalidwanso. Ndalama ya mwana wa eni ikapita, mudzaibzala pati?"

"N'chifukwa chake ndikuti asiyeni apse chala moto udakali wa kandulo."

"Inu kazipitani kudimba kwanu, mukutinunkhitsira ofesi."

A Manyowa anaseka n'kutuluka, ndipo tsiku la masewero linadutsa bokosi lili chitsekere, likulemera sabata ndi sabata.

Chigawo chomaliza chili pakati, mayeso a boma a Fomu 2 akununkhira, a Loko anagwa m'kalasi atagwira pamimba. Kuchipatala anapeza chotupa chofunika opaleshoni mwamsanga. Akuwakonzekeretsa, namwino anawauza kuti avule chilichonse cha m'khosi ndi m'manja. Anakangana naye pang'ono, koma namwino sakangana ndi wodwala wovala gauni yotseguka kumsana. Anavula chingwe chija n'kuchiika m'dzanja la mwana wawo.

"Ukapereke kwa aphunzitsi a zaulimi mawa lomwe. Bokosi lili mu kabati ya m'kalasi. Osatsegula, wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Mawa lakelo a Manyowa kunalibe. Anali atapita kumaliro a mlamu wawo kutali, ndipo palibe ankadziwa tsiku lobwerera. Mtsikanayo, poopa kutaya, anavala chingwecho m'khosi. Loya, amene maso ake ankaona ngakhale ndalama ili m'sokosi ya munthu, anachiona buleki isanakwane.

"Abale anga, taonani! Msungichuma wapsa mtima, walanda boma!"

"Ndangosungira. Si zanga."

"Nanga udindo wako ndi wotani? Kusunga chuma kapena kusunga chingwe?"

Lachitatu lotsatira ana anatsala okha m'kalasi, ndipo Loya anabwera ndi nkhani yopsa kale. Pa mayeso a masamu aliyense ankafunika kalukuleta, ndipo m'mashopu mtengo wake unali wolilitsa makolo. Iye anali atapeza bambo wina kuseri kwa depoti ya mabasi amene ankagulitsa katoni yathunthu pa mtengo wopikulitsa. Akagula, aliyense m'kalasimo apeza wake motchipa, otsalawo agulitsa kwa a makalasi ena ndi a sukulu yoyandikana nayo. Vuto linali limodzi: bamboyo sankagulitsa theka. Katoni yonse kapena ayi. Ndipo mtengo wa katoni yonse unali pafupifupi zonse za m'bokosi.

"Izi si za mafirizesi," anatero Loya. "Kalukuleta sasungunuka. Ndipo ndikufunseni, anthu ophunzira inu: ndi chofunika kapena chokhumbira?"

"Chofunika!" inayankha kalasi.

"Msungichuma, bolodi ndi ilo. Tiwerengere monga mwa malamulo a mayi ako."

Mtsikanayo anatenga choko. Analemba zogulira, anachotsa ya basi, anachotsa ya zogwa mwadzidzidzi, anachotsanso ya makalukuleta angapo omwe mwina sadzagulidwa. Anabwereza kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Phindu linakana kuchoka. Linali pamenepo, lonenepa, ndi mzere pansi pake. Akanakhalapo a Loko akanachonga ndi cholembera chofiira. Mtsikanayo anaganiza za mayi ake ali gone pabedi la chipatala, milomo itauma, ndipo anawaona m'maganizo akutsegula bokosi n'kulipeza lalemera kuposa mmene analisiyira. Anafuna, kamodzi kokha, kuti amve mawu oti wachita bwino pa chinthu chomwe si mayeso.

Manja anakwera m'kalasi monse. Loko wa bokosi uja anatseguka mosavuta, ngati ankangodikira.

Loweruka m'mawa Msungichuma ndi Loya anapita kudepoti, ndalama zili mu envulopu pansi pa juzi. Bamboyo anali waulemu, wa tayi ndi nsapato zopolishidwa, ndipo anawalandira ngati anthu akuluakulu.

"Mabwana anga afika! Khalani apa pamthunzi. Ana a masiku ano oganiza za bizinesi ndi osowa, makolo anu ndi odala."

Anang'amba tepi pakona ya katoni, n'kutola makalukuleta a pamwamba.

"Yesani nokha, mayi. Ine sindigulitsa mphaka m'thumba."

Mtsikanayo anadina. Manambala anatuluka akuda bii, mayankho olondola. Anayesa wina, chimodzimodzi. Mumtima mwake munabwera kaganizo koti apemphe kuti akhuthule katoni yonse aone apansi. Anatsegula pakamwa. Bamboyo anayang'ana wotchi.

"Pali chovuta, mwana wanga? Kapena ukundiona ngati wakuba? Nena, sindikwiya. Pali aphunzitsi ena akudikira katoni yomweyi, ine ndimangoti ndithandize ana."

Manyazi anamugwira. Munthu wamkulu, wa tayi, wa msinkhu wa bambo ake omwe anamwalira, angamuuze bwanji kuti khuthulani ndione? Chibadwire anali asanauzepo wogulitsa aliyense kuti taimani kaye. Anali asananenerere mtengo, asanabwezepo chinthu, asanachokepo pa benchi ya wogulitsa chimanjamanja. Anayang'ana Loya, koma Loya pa nthawi yofunika loya anali akusirira nsapato za bamboyo. Envulopu inatuluka pansi pa juzi. Bamboyo anamatanso tepi, anawathandiza kusenza, n'kuwadalitsa.

Lolemba katoni inatsegulidwa pa tebulo la aphunzitsi, kalasi yonse itaunjikana. Mzere wapamwamba unali wamoyo. Pansi pake panali zigoba zapulasitiki zopepuka ngati makoko a mtedza, mabatani osadinika, manambala ongojambula pakagalasi. Pansi penipeni panali zidutswa za matailosi zokutidwa m'nyuzipepala, zoti katoni ilemere. Kenako mtsikana wina wa kumbuyo, amene chaka chonse ankayenda wapansi kuti adzagule yunifolomu yatsopano, anayamba kulira mosatulutsa mawu. Anyamata anathamangira kudepoti. Pamthunzi paja anapeza mayi wogulitsa nthochi amene anati sanaonepo munthu wa tayi chibadwire.

Nkhani yoipa siidikira basi. Pofika mawa lake makolo anali pakhomo la ofesi ya Ahedi. Loya atafunsidwa anati iye anangopereka maganizo monga wapampando, ndipo maganizo satsegula loko. Kiyi anali ndi ndani? Envulopu anapereka ndani? Ahedi, munthu woopa phokoso kuposa tchimo, anauza Msungichuma kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka komiti ya makolo ikumane. Komiti ikanena kuti ndi kuba, achotsedwa sukulu, ndipo mayeso a boma salemba.

A Loko anatuluka m'chipatala masiku omwewo, akuyenda chowerama, ulusi udakali pamimba. Mng'ono wawo, amene ankasamala pakhomo, anayesa kuwabisira nkhaniyo, koma mwana wa sukulu wopezeka akutsuka mbale nthawi ya masamu sabisika. A Loko anamuitanira mwana wawoyo kuchipinda. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi bedi n'kufotokoza zonse, osadzikometsera, osamunamizira Loya.

"Ndinati chiyani pokupatsa kiyi?"

"Munati osatsegula."

"Ndiye?"

"Tinawerengera, Amayi. Ndinachotsa zonse zomwe mumanena. Masamu anali olondola."

"Masamu! Katoniyo unaitsegula mpaka pansi?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Ndinafuna. Koma anandifunsa ngati ndikuwaona ngati wakuba. Anali munthu wamkulu, Amayi. Sindinadziwe kuti munthu amayankha bwanji."

"Umayankha kuti ndalama ndi zanga, khuthulani! Ngakhale mwana wa Sitandade 3 amadziwa zimenezo!"

"Amadziwira kuti, Amayi?" Mtsikanayo anadzutsa mutu, misozi ili mbwe. Sankachita mwano, ankafunsadi. "Ine sindinagulepo kanthu ndekha."

A Loko anali atakonza mawu ambiri, ena akuthwa ngati lumo. M'malo mwake anayang'ana manja a mwana wawo, manja odziwa kugawa ndi kuchulukitsa, oyera ngati a mlendo, ndipo anatembenukira kukhoma. Kenako anati, "Dzuka pansipo, pakuzizira. Undisitire diresi yabuluu ija."

Tsiku la komiti anayenda pang'onopang'ono mpaka kusukulu, dzanja lina pamimba, lina paphewa la mwana wawo. M'holo munali modzaza. Ana a Fomu 2 anakhala pansi kutsogolo, makolo pamabenchi, katoni ija ili patebulo ngati maliro.

"Mwana wa mphunzitsi wa ndalama!" anakuwa bambo wina. "Ngati wa m'nyumba mwawo akuba, athuwa akuphunzira chiyani?"

"Wanga ankagona ndi njala ya masana chifukwa cha bokosi limeneli," anatero mayi wina. Ameneyu sanakuwe, ndipo mawu ake ndi amene anapweteka kwambiri.

A Manyowa, amene anali atabwerako kumaliro, anapempha kulankhula.

"Ine ndili ndi funso limodzi kwa ana athuwa. Tsiku lomwe munagwirizana zotsegula bokosi, amene sanakweze dzanja aimirire, timuwombere m'manja."

Palibe anaimirira. Loya anayamba kuwerenga zala za kumapazi kwake.

"Wapampando, nanga inu? Mwendo wachita dzanzi?" a Manyowa anamufunsa.

Ena anaseka, ndipo kusekako kunatsitsako moto. Apo a Loko anaimirira atagwira benchi.

"Makolo anzanga, ndalama zanu zatayika, ndipo amene anakulonjezani kuti sizidzatayika ndine. Mwana wanga analakwa, anatsegula chomwe ndinamuletsa. Koma sanadye ngakhale switi. Ana awa anawerengera bwino n'kugula moipa, chifukwa kuwerengera ndinawaphunzitsa, kugula ayi. Anandipempha kuti ayese ndi zochepa, ine ndinawakaniza. Aliyense alandira zake sukulu isanatseke, zochokera m'thumba mwanga. Chomwe ndikupempha n'chakuti mwanayu alembe mayeso."

"Muzitenga kuti, Madamu, poti mwangochoka m'chipatala?" anafunsa Ahedi.

"Zimenezo ndi zanga."

Anazitenga pomwe ankadziwa iwo okha. Kwa zaka zambiri ankasonkhanitsa ndalama za malata a kanyumba kawo kopumira ntchito, komwe makoma ake anali ataima kale kudikira denga. Makomawo anadikirabe, mvula ya chaka chimenecho n'kuwasambitsa. Komiti inavomera kuti si kuba. Mtsikanayo anapatsidwa chilango chosesa holo, Loya chotsuka zimbudzi, ndipo onse analemba mayeso. Koma kalabu Ahedi anaitseka, ati sukulu si banki. Ana obwera pambuyo pake phunziro la ndalama amaliwerenga m'buku, n'kulikhoza bwino kwambiri, monga mmene timakhozera zinthu zonse zomwe sitidzazichita.

Tchuthi chitayamba, a Loko anaitana mwana wawo m'mawa wina n'kumuika ndalama m'manja.

"Nsapato zako zatha. Tiye kumsika."

"Mukasankha ndinu?"

"Mapazi ndi anga?"

Kumsika anaima kumbuyo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Mtsikanayo anadutsa nsapato zachikopa zakuda, zolimba ngati chitseko, n'kukaima pa zina zonyezimira, za timikanda pamwamba ndi kachidendene kowonda. A Loko anaona patali kuti soli yake ndi yongomata ndi guluu, ndipo guluuyo anali atayamba kale kuseka m'mbali. Mawu anakwera mpaka pamilomo. Anadziluma lilime.

"Mayi, mwana wanu ali ndi diso," anatero wogulitsa. "Zimenezi ndi zochokera kunja."

"Zonse ndi zochokera kunja, bambo, ngakhale chimfine," anayankha a Loko. "Lankhulani ndi mwini ndalama."

Mtsikanayo anawayang'ana kufuna chizindikiro. Iwo anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mtsikanayo analipira osanenerera, n'kunyamula nsapato zake akumwetulira.

Mwezi usanathe anabwera kuchokera kutchalitchi nsapato imodzi ili kuphazi, ina m'manja, soli ikulendewera ngati lilime la galu. Anaima pakhomo kudikira chimphepo. A Loko anayang'ana nsapatoyo, anayang'ana mwanayo.

"Wosoka nsapato amakhala kuseri kwa chigayo," anatero, n'kupitiriza kusenda anyezi. Misozi yomwe inali m'maso mwawo anainamizira anyeziyo.

Wosoka nsapato anati pulasitiki yotere sisokeka. Mtsikanayo anayenda ndi nsapato zake zakale zong'ambika mpaka sukulu itatsegulidwa, anzake akumufunsa ngati zala zake zikufuna mpweya. Atapatsidwanso ndalama anapita yekha. Anakhala pabenchi ya wogulitsa n'kuyamba kupinda soli iliyonse, kukoka ulusi ndi chikhadabo, kusuzumira m'kati, kuvala zonse ziwiri n'kuyenda nazo uku ndi uku.

"Iwe mtsikana, ukugula kapena ukufufuza mlandu?" anadandaula wogulitsa. "Ukundiona ngati wakuba?"

"Ayi, bambo," anayankha osadzutsa mutu. "Tandipatsirani inzake ija ili pansi pa thumba."

Nsatsi ndi kamtengo kofewa, ka mphako m'kati, kosati n'kusemera chinthu chokhalitsa, ndipo wamkulu aliyense amadziwa zimenezo. Koma kudziwa kwa wamkulu sikulowa m'manja mwa mwana podzera m'khutu. A Loko anakonda ana awo mpaka kuwamana kutaya kwakung'ono, ndipo kutaya kutabwera kunabwera konse pakamodzi, kunyamula ndi denga lomwe. Akale anaziona izi kusanabwere mabokosi a loko, n'chifukwa chake anati: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha m'manja.